Kukonza saundi ya sewero ndi laputopu ndi masipika awiri

M'gulu lathu la zisudzo ine ndine uja amakhala kumbuyo kwa holo, laputopu pamwendo, kudikira nthawi yoti tambala alire. Ngati akupatsani ntchito imeneyi pa sewero la kusukulu kapena kutchalitchi, yambani ndi pensulo, makina abwere pambuyo.

Werengani sewero lonse kawiri, muzilemba nambala paliponse pofunika phokoso: 1, nkhululu za usiku; 2, kugogoda pachitseko; 3, bingu. Pambali pa nambala iliyonse lembani mawu enieni amene wosewera akangowanena inu mudine batani. Zoti "ndikumbukira" zisiyeni, holo ikadzaza mutu umabalalika.

Maphokoso ambiri ndimajambula ndekha ndi foni. A pa intaneti alipo mbwee, koma mbalame zake anthu kuno sazidziwa, ndipo mvula yake siimveka ngati yathu yogwa pa malata. Tambala ndimamudzukira m'bandakucha, magalimoto asanayambe kudutsa. Moto ndimaupanga potikita pepala la pulasitiki pafupi ndi maiki, bingu pogwedeza lata lopyapyala. Mtondo ndinachita kupempha azakhali asinje ndi mnzawo, chifukwa misi iwiri yolandizana ndiyo imauza munthu kuti tili kumudzi, ngakhale pa siteji pali mpando umodzi wokha. Kadzidzi ndiye samalani naye. Mukamuliza, holo yonse iyamba kudikira maliro, ndipo ngati palibe womwalira m'seweromo mwawanamiza anthu.

Zojambulazo zidulenidulenitu mu Audacity, pulogalamu yaulere. Phokoso lalitali ngati mvula lizilowa pang'onopang'ono ndi kutha pang'onopang'ono. Likaduka mwadzidzidzi anthu amaseka. Mafayilo apatseni manambala omwe aja: 01, 02, 03. Nyumba zikuluzikulu za zisudzo kunjaku zimagwiritsa ntchito pulogalamu yolizira maphokoso yotchedwa QLab, koma imafuna kompyuta ya Mac. Ine maphokoso ndimawaliza ndi pulogalamu ya VLC, ndinangoitchera kuti fayilo imodzi ikatha iziima, isathamangire ina.

Musalize kuchokera pa foni. Ndinayesapo, ndipo mkati mwa maliro a mfumu masipika onse analira nyimbo ya foni yanga, amayi akuimba kufunsa ngati ndagula shuga.

Masipika akuluakulu akhale kutsogolo kwa maiki, ayang'ane kwa anthu. Maiki ikayang'anizana ndi sipika, m'pamene pamabuka kulira kuja koboola m'khutu. Mukapeza kasipika kachitatu, kabiseni kuseri kwa siteji, kuti kugogoda kuzimvekera komwe kuli chitseko.

Tsiku loyeserera komaliza, siyani mnzanu pa laputopu, inu mukakhale pa benchi yomaliza. Wosewera wa mawu otsika kuposa onse alankhule mvula ikulira, ndipo muzitsitsa mvulayo mpaka liwu lake lililonse likufikeni. Apa ndi pamene timakanganirana ndi otsogolera sewero, poti iwo amafuna bingu logwedeza mazenera. Ine sindigonja, anthu analipira kudzamva nkhani. Kumbukiraninso kuti holo yopanda anthu imabweza mawu, pomwe matupi ndi zovala zimawameza, choncho anthu akadzaza mudzakwezako pang'ono.

Za magetsi mukuzidziwa kale. Laputopu ikhale yodzaza moto, ndipo kuseri kwa katani kukhale mnyamata mmodzi ndi ng'oma, lata lija, ndi pepala lake la manambala. Wathu amadziwanso kulira ngati tambala.