Momwe mungaonere mzere ndi mtundu pa zithunzi zakale za mafashoni

Ine ndinayamba kuzikonda kwa amayi anga aang'ono, telala wa ku Kapata, amasunga maenvelopu akale a mapatani osokera zovala a makampani a Butterick ndi Simplicity m'katoni pansi pa mashini. Azimayi a pamwamba pakewo ndi ojambulidwa ndi dzanja, osati kamera.

Poyamba mtundu muuiwale kaye. Jambulani ndi foni muchotse makala onse, mutsale ndi mzere wokha, ndiye muutsate ndi maso kuchoka paphewa mpaka kumpendero. Pamene wanenepa ndiye kuti nsalu yalemera kapena yapindika, pamene waonda ngati ulusi nsaluyo ndi yopepuka. Za m'ma 1920 diresi imangotsika ngati bango, chiuno chili m'munsi. Kuyambira 1947, Christian Dior, wopanga mafashoni wa ku Paris, atatulutsa sitayilo yotchedwa New Look, chiuno chinathina siketi n'kutambasuka ngati ambulera.

Kenako bwererani ku mtundu muwerenge ilipo ingati, nthawi zambiri ndi yochepa kuposa ya pachitenje. Magazini ya ku Paris, Gazette du Bon Ton, yomwe inkatuluka 1912 mpaka 1925, ankaipaka ndi njira ya pochoir, burashi ikudutsa pa kachitsulo kopyapyala kobooledwa, mtundu uliwonse kachitsulo kake. Mukakuza ndi foni penti wake amaoneka wodzaza. Mukaona timadontho ndiye kuti ndi makina. Mnyamata wina pa Facebook ankanditchaja K300 pa chithunzi china ati chachokera ku Paris, kukuza chonchi madontho okhaokha, anangopulinta za pa intaneti. Kope si yoipa ayi, koma ilipiridwe ngati kope.

Manje apa ndi pamene ndinalira. Envelopu imene ndinkaikonda kwambiri, mayi wa diresi yapinki kolala yoyera, ndinaopa mphemvu ndi chinyezi cha dzinja ndiye ndinapita nayo mutauni kukaika laminate. Makina aja amatentha, pepala lakale linachita makwinya mkati, pinki uja anada, ndipo pulasitiki imanyezimira moti timizere ta pakolala sitionekanso bwino. Kumatula sikutheka, pepala limatsatira pulasitiki. Amayi aang'ono anangoigwira n'kundibwezera osayankhula, mpaka lero zimandiwawa.

Zotsalazo ndimaziika pakati pa mapepala oyera mufayilo. Mukafuna kupachika pachikani fotokope, chenichenicho dzuwa la Okutobala lisachione.