Kawerengedwe ka mabuku a anthu amene anadutsa m'mavuto, kuti akusiyireni kanthu

Mabuku onena za munthu amene anakulira mu umphawi kapena m'mavuto ena kenako n'kudzaima payekha amakoma kuwerenga, izi palibe angatsutse. Vuto ndi loti mtima umatentha masiku awiri atatu, chikuto cha bukulo timachiponya pa status, koma Lolemba likafika zinthu zili pomwe zinali. Ndiye ndati ndikuuzeni mmene ineyo ndimaonera kuti buku lotere liziwerengedwa, makamaka inu amene munalemba Folomu 4 muli pakhomo, kapena sukulu inadukira panjira chifukwa cha fizi, kapena mwangotopa nazo basi simukuona kolowera.

Poyamba ndi kusankha, ndipo apa ndilankhula mosabisa. Yambani ndi buku la munthu amene dothi limene anapondapo mukulidziwa. Mabuku ambiri amene mavenda amayala m'mbali mwa msewu mu Limbe kapena ku Old Town ku Lilongwe, aja olonjeza kuti mulemera mukasintha kaganizidwe, analembedwera anthu a kunja amene ali kale ndi ntchito ya pamwezi, ngongole ya nyumba ku banki komanso magetsi osazima. Sikuti ndi oipa onse ayi, muli nzeru zina ndithu, koma munthu amene akusowa ya thiransipoti yopitira ku intavyu akawerenga zimenezo amatha kuyamba kudziona ngati wolakwa ndi iyeyo, pamene nkhani yake ndi yosiyana kutalitali. Bola muyambe ndi athu konkuno.

Tili nawo. William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala ku Wimbe, Kasungu, analemba The Boy Who Harnessed the Wind pamodzi ndi Bryan Mealer, linatuluka mu 2009. Legson Kayira wa kumpoto, dera la Chitipa, analemba I Will Try limene linatuluka mu 1965, nkhani ya ulendo umene anauyamba wapansi mu 1958 kufunafuna sukulu ku America. Mayi Vera Chirwa, mzimayi woyamba kukhala loya m'Malawi muno, analemba Fearless Fighter, ndipo ili ndimalitchula dala chifukwa si nkhani ya kulemera, ndi nkhani ya munthu amene anagwidwa mu 1981, n'kuweruzidwa kuti aphedwe, amuna awo a Orton Chirwa n'kumwalirira m'ndende ya Zomba mu 1992, iwo n'kutuluka mu 1993 ndi kupitiriza kumenyera ufulu wa akaidi. Ngati Chingerezi chimakuvutani musati ndiye basi zanga zada, pali Nthondo la Samuel Josia Nthara la 1933, ndi nthano yopeka koma yotsata moyo wa munthu kuchokera pa kubadwa, uchinyamata wake wosokonekera mpaka kudzakhala munthu wodalirika, ndipo lili m'Chichewa chathuchi.

Kolipeza. Musayambe ndi kugula ngati thumba silikulola. National Library Service ili ndi likulu lake ku Lilongwe komanso nthambi m'mizinda ngati Blantyre, Zomba ndi Mzuzu, pitani mukafunse mmene munthu amalembetsera umembala ndi zimene muyenera kutenga. Ngati muli kutali ndi tauni funsani aphunzitsi a Chichewa kapena a Chingerezi pa sekondale imene muli nayo pafupi, ambiri amasunga mabuku awoawo ndipo amakondwa wachinyamata akabwera kudzabwereka. Ku tchalitchi, ku mzikiti, ku TDC (malo amene aphunzitsi a m'dera amakumanirako pa maphunziro awo), funsani ndithu, kufunsa sikulipiritsa. Mashopu a mabuku a CLAIM nawo muzisuzumiramo. Za ma PDF oyendayenda m'magulupu a WhatsApp ndinganene kuti wolemba sapezapo kalikonse, ndiye ngati mungathe kusonkherana anthu anayi asanu n'kugula limodzi lenileni chitani zimenezo, lidzazungulira nonse ndipo silifuna bando kapena kutchaja.

Tsopano pofika powerenga penipeni, apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Khalani ndi kope ndi bolopeni pambali. Kope wamba la masamba ochepa lomwe lija la ana a pulayimale ndi lokwanira. Mukamawerenga musamasake mawu okoma oti mukaponye pa Facebook, muzisaka zinthu zitatu izi: munthuyu anachita chiyani kwenikweni ndi manja ake tsiku limenelo, anamuthandiza ndani, ndipo chinamudyera chiyani. Mukapeza yankho lembani m'mawu anuanu, ndi nambala ya peji.

Ndipereke chitsanzo kuti mumvetse chifukwa chake ndikulimbikira pamenepa. Nkhani ya Kamkwamba anthu amaifupikitsa kuti mnyamata wanzeru anapanga makina a mphepo opangira magetsi, basi. Mukaimva choncho mulibe chotolapo, mungoti iyeyo anabadwa ndi mutu wake. Koma mukawerenga ndi bolopeni muona kuti njala ya 2001 mpaka 2002 itamutulutsa sukulu chifukwa makolo analibe fizi, iye ankapita ku kalaibulale kakang'ono ka pa pulayimale ya Wimbe kuti asatsalire anzake, ndipo Chingerezi cha m'mabuku a sayansi chinkamuvuta moti ankadalira zithunzi ndi zojambula, mawu ovuta n'kumafunsa mayi woyang'anira laibulaleyo. Muona kuti zipangizo ankatola kudzala la zitsulo zakale, fani ya thirakitala, felemu ya njinga ya bambo ake, mapaipi apulasitiki amene ankawawotcha n'kuwaphwathalalitsa, nsanja n'kumanga ndi mitengo ya bulugamu. Muona kuti dayinamo ya njinga analibe ndalama yogulira, anamugulira ndi mnzake, mwana wa mfumu, ndipo msuweni wake ankagwira naye limodzi. Anthu ankamunena kuti wapenga, ena amati akusuta chamba. Ndipo ngakhale makinawo atayamba kuyatsa babu sikuti mawa lake moyo unasintha, panadutsa zaka mpaka mu 2006 pamene akuluakulu ena a zamaphunziro anafika n'kubweretsa atolankhani, kenako mu 2007 n'kukalankhula ku msonkhano waukulu wa anthu a maganizo atsopano wotchedwa TED ku Arusha, m'dziko la Tanzania. Mwaona kusiyana kwake? Apa tsopano muli ndi zinthu zoti mungadzifunse nokha. Laibulale yanga ili kuti. Mnzanga amene angandigulire dayinamo yanga ndi ndani, ndipo ndinayamba ndamuuzapo zimene ndikufuna kupanga? Ndingapirire zaka zinayi anthu asanandione?

Kayira nayenso chimodzimodzi. Anthu amagoma ndi mtunda, kuti munthu kuyenda wapansi kudutsa Tanganyika mpaka Uganda ndi kupitirira kukafika ku Khartoum, ndipo zoonadi ndi zogometsa. Koma chimene chinatsegula khomo si miyendo yokha. Panjira ankaima n'kumagwira maganyu kuti apeze chakudya, ndipo atafika ku Kampala analowa mu laibulale, anapeza buku la mndandanda wa makoleji a ku America, n'kulemba kalata yopempha malo ku Skagit Valley College m'chigawo cha Washington. Anamuyankha, anamupatsa malo, ndipo anthu a kumeneko anasonkha ndalama ya ndege, mu 1960 n'kufika. Ndiye m'kope mwanu simulemba kuti "osataya mtima", mulemba kuti anafufuza adiresi, analemba kalata kwa anthu osawadziwa, anapempha. Zimenezo ndi zoti nanunso mungachite sabata yomwe ino, pa foni pomwepo.

Chinthu china chimene ndikupemphani, musathamange. Chaputala chimodzi pa tsiku n'chokwanira, ngakhale masamba khumi okha. Sankhani nthawi imene mukudziwa kuti ndi yanu, ena ndi m'mamawa ana asanadzuke, ena ndi pa geni makasitomala akachepa masana, ena mu minibasi ngati mutu sukuzungulirani. Foni ikhale patali kapena muzimitse data, chifukwa uthenga umodzi wokha wa pa gulupu umatha kudya ola lonse. Mawu a Chingerezi akakuvutani musaime pa liwu lililonse mudzatopa msanga, lembani mzere pansi ndi pensulo ngati bukulo ndi lanu, pitirizani, mukamaliza chaputala ndiye muone mu dikishonale atatu kapena anayi amene abwera kawirikawiri. Ngati ndi lobwereka chonde osalembamo, osapinda masamba, likutireni ndi pepala la kalendala yakale, pali ena akulidikira.

Pali mbali ina imene anthu sakonda kuikamba. Mabuku amenewa nthawi zina amatokosa zilonda. Mukuwerenga za mwana amene akugona ndi njala, kapena bambo womenya mayi, kapena maliro a kholo, mwadzidzidzi mwapezeka mukukumbuka zanu zimene munazikwirira kalekale. Zikatero tsekani bukulo, si kufooka ayi. Tulukani panja, kapena lembani m'kope muja chimene mwakumbukacho, ndipo ngati chikukulemerani masiku angapo osachoka uzani munthu amene mumamukhulupirira, kaya ndi azakhali, abusa, shehe, mnzanu wapamtima, kapena pitani kuchipatala mukafunse za aphungu. Makamaka ife amuna tinaleredwa kuti mwamuna salira ndiye timangomeza, koma achinyamata ambiri tikuwataya chifukwa chosowa wowauza, ndipo buku palokha silingalowe m'malo mwa munthu wokumverani.

Komanso samalani ndi kudziyerekeza. Amene analemba buku ndi amene zinamuyendera, koma panali anyamata ndi atsikana ena ambirimbiri a nzeru zomwezo amene anayesetsa mofanana koma mtolankhani sanafike pamudzi pawo, kalata yawo sinayankhidwe, matenda anawapeza panjira. Iwowa sanalembe mabuku. Ndiye mukaona kuti muli ndi zaka 28 ndipo palibe chooneka pamene Kamkwamba pa zaka 14 anali atapanga kale zodabwitsa, musadziweruze, fumbi ndiwe mwini inde koma mvula sugwetsa ndiwe. Tengani njira zimene anadutsamo, kalendala yake musiyireni mwini wake.

Ngati mungathe werengani ndi anzanu, ndipo izi ndimazilimbikitsa kwambiri chifukwa nokha mumaona mbali imodzi. Sipafunika zambiri, anthu anayi mpaka asanu ndi mmodzi, kuposa apo ena amangokhala chete. Gwirizanani machaputala a sabata imeneyo, kumanani Loweruka kapena Lamulungu masana pakhonde la wina, ngati buku ndi limodzi wina aziwerenga mokweza ndime zimene zamukhudza kenako wodziwako Chingerezi azimasulira. Amayi a banki m'khonde mukhoza kuwonjezera theka la ola mukatha kuponya masheya, achinyamata a kwaya mukatha pulakatisi. Amene muli ku Joni kapena ku UK gulupu ya WhatsApp imagwira ntchito bwinobwino, aliyense atumize voice note ya mphindi ziwiri, koma muikiretu lamulo loti mmenemo simolowa ma forward ndi zotsatsa malonda apo ayi pakatha mwezi nkhani ya buku idzakhala itasowa. Funso loyambira likhale losavuta, monga "ndi pati pamene iweyo ukanabwerera?" kapena "pa anthu amene anamuthandiza uja, ndani amene akufanana ndi wina amene uli naye pafupi?" Mudzadabwa anthu ofatsa aja mmene amatsegukira. Zimene wina waulula za moyo wake zithere pomwepo, izi mugwirizane tsiku loyamba lomwe.

Mukafika peji yomaliza musathamangire buku lina. Tsegulani kope lija muwerenge zonse zimene munalemba, kenako sankhani chinthu chimodzi chokha, chaching'ono, chimene mungachite masiku asanu ndi awiri asanathe ndi ndalama zimene muli nazo lero. Chikhoza kukhala kupita ku sukulu yoyendera masana kukafunsa mmene mungalembetsere kuti mubwereze MSCE, kukafunsa ku ofesi ya TEVETA kapena ku koleji ya ntchito zamanja ya m'boma lanu kuti amatenga liti, kupempha kalipentala kapena telala wa pa msika kuti muzimuthandiza uku mukuphunzira, kulembera malume amene munasiya kuyankhulana nawo, kapena kungoyamba kusunga kangachepe tsiku lililonse. Lembani tsiku limene mudzachite ndipo uzani munthu mmodzi kuti adzakufunseni. Chikakanika lembaninso chifukwa chake, kodi munachita mantha, ndalama inaperewera, kapena munapita kwa munthu wolakwika, chifukwa yankho limenelo ndi limene likuuzeni buku lotsatira loti musake.

Masamba otsala a kopelo musawasiye. Yambani kulembamo zanu, m'Chichewa momwemu kapena Chitumbuka, Chiyao, chilichonse chimene mumaganizira. Osati zokongoletsa ayi, zenizeni: chaka chimene munasiya sukulu ndi ndalama imene inasowa, amene anakupatsani mpamba woyamba, chimene munadya tsiku limene munafika m'tauni koyamba. Agogo ngati alipo afunseni za njala ya 1949 kapena za ulendo wa ku migodi ya ku Joni ndi ku Halale, muwajambule mawu pa foni akalola, kenako mukopere m'kope ndi deti lake. Buku lobwereka lija libwezeni pa tsiku limene munalonjeza, ndipo pobweza mufunse mwini wake kuti ali ndi linanso liti.