Mwapeza gemu yakale yomwe sinatuluke? Musayiyatse kaye

Munthu akapeza cartridge yachilendo, yopanda chithunzi, yongolembedwa deti ndi cholembera pa kasitika, chomwe chimabwera mmutu nkuyilowetsa mu makina ndikuyatsa kuti aone. Musatero chonde. Mtima umathamanga, ndikudziwa, koma mwina ndi yokhayo yomwe yatsala padziko lonse, ndiye choyamba nkukopa zonse zili mkatimo kuziika mu fayilo, zomwe anthu a zimenezi amati dump. Kusewera kubwere pambuyo.

Tiyambe ndi kusakako. Musanavutike, onani kaye pa Hidden Palace ndi The Cutting Room Floor, mawebusaiti osunga za magemu osatuluka ndi osamalizidwa, mwina zomwe mukufunazo wina anazipeza kalekale. Ngati palibe, umboni wake umakhala mmagazini akale a magemu, poti atolankhani ankapatsidwa gemu isanamalizidwe ndipo zithunzi zomwe ankasindikiza nthawi zina zimaonetsa ma level kapena adani omwe mu gemu yogulitsidwa mulibe. Sungani zithunzizo ndi mwezi wa magaziniyo, zikuthandizani kudziwa version yomwe mukusaka. Kenako werengani maina aja amatuluka kumapeto kwa gemu, ma programmer ndi ma tester, muwalembere mwaulemu osati kuwakakamiza, enawo anasainira kuti sadzaulula za kuntchito. Zinthuzi zimapezeka mmakatoni oiwalika basi. Source code (malemba a pulogalamu omwe gemu imapangidwa kuchokera mmenemo) ya gemu ya Prince of Persia ya pa kompyuta ya Apple II inapezeka mu 2012 bambo ake a Jordan Mechner, yemwe anapanga gemuyo, atamutumizira katoni yomwe munali ma floppy akale, ndipo prototype (kope ya gemu isanamalizidwe) ya Sonic yoyamba ija ya 1991 anthu anaisaka zaka zambirimbiri mpaka inatulukira 2021 ikuyamba.

Tsopano tinene kuti chili mmanja. Jambulani kaye ndi foni mbali zonse, sitika, zolembedwa pamanja, ndipo ngati ikutseguka bwinobwino jambulaninso bolodi yamkati. Ma prototype ambiri a nthawi ya NES, Mega Drive ndi SNES ali pa EPROM, ma chip aja okhala ndi kawindo kagalasi pamwamba. Kawindoko nkofufutira data ndi kuwala kwa UV, ndiye ngati sitika yophimba yamatuka matanipo ina msanga ndipo padzuwa isayandikire. Ngakhale mutaisunga mumdima, data ya mu EPROM imafooka yokha zaka zikamapita, nchifukwa chake zoti ndidzapanga chaka chamawa sizabwino. Zitsulo zolumikizira zija pukutani ndi isopropyl, zopemerera ndi pakamwa zija tinkachita tili ana zisiyeni, zimangoika chinyezi.

Pokopa pamafunika kachipangizo. Retrode imawerenga SNES ndi Mega Drive, GBxCart RW ndi ya Game Boy, Open Source Cartridge Reader imawerenga mitundu yambiri. Koma ma bolodi ena a prototype ndi osiyana ndi wamba ndipo zipangizozi zimatha kulephera, apo chip imawerengedwa payokha ndi EPROM programmer ngati TL866. Ngati chip ili pa socket imazuka pang'onopang'ono, koma onetsetsani mbali yomwe kamphako kayang'ana chifukwa mukailowetsa chozondoka mutha kuiwotcha. Ngati ndi yowotcherera pa bolodi ndipo simunagwirepo ntchito yotere, musaphunzirire pamenepo, pezani wodziwa. A Video Game History Foundation, bungwe losunga mbiri ya magemu, ndi a Hidden Palace ndi ntchito yawo imeneyi.

Ma memory pack a Satellaview, kachipangizo ka Nintendo ka ku Japan ka 1995, ndi pomwe nkhani yosayatsayi imaoneka bwino. Magemu ake ankabwera kudzera pa satellite, ena anali ndi malire a kangati mungasewere, ndiye kungoyatsa kumatha kudya mwayi womaliza. Chosangalatsa nchakuti ngakhale pack ikuoneka yopanda kanthu, data yofufutidwa nthawi zina imakhala ikadalimo ndipo dump imaitulutsa.

Ma floppy ali ndi zawo. Tsekani kaye kuti asalembedwe, ya 3.5 mumatsegula kabowo ka pakona, ya 5.25 mumamata tepi pa kamphako ka mmbali. Yang'anani ngati muli nkhungu, disiki yankhungu imakalika ikamazungulira nkuipitsanso mutu wa drive. Ndipo musangokopa mafayilo ngati mukukopa nyimbo ayi, gwiritsani zipangizo ngati Greaseweazle kapena KryoFlux, zimenezi zimajambula maginito enieniwo a pa disiki, moti ngakhale mbali ina ikukana kuwerengeka lero wina atha kudzaikonza kuchokera mu fayiloyo osakhudzanso disiki. CD-R nayo ikopeni yonse ngati bin ndi cue kuti ma track a nyimbo asatsale, ndipo pamwamba pake musamatepo kanthu kapena kumatula sitika, data ili pafupi kwambiri ndi mbali imeneyo.

Dump imodzi siyokwanira. Kopani katatu, ngati nkotheka muzule ndi kubwezeranso pakati pake, kenako onani SHA-1 ya fayilo iliyonse, nambala yomwe ili ngati chidindo cha zala cha fayiloyo. Zikafanana zonse zili bwino, zikasiyana ndiye kuti penapake sipakugunda bwino kapena chip yayamba kufooka, musataye iliyonse, sungani zonse. Nambalayo ifanizeni ndi za pa mawebusaiti osunga nambala za magemu odziwika kale, No-Intro ngati ndi cartridge, Redump ngati ndi CD. Ikafanana ndi gemu yogulitsidwa, pepani, mwangopeza gemu wamba mu chikwama chachilendo, zimachitika kawirikawiri ndithu. Ikasiyana, apo ndiye tsegulani mu hex editor, pulogalamu yoonetsa zamkati mwenimweni mwa fayilo, ngati HxD muone ngati muli deti kapena mawu a debug, pa Mega Drive header, pomwe pamalembedwa dzina la gemu ndi deti, imayambira pa 0x100.

Apa tsopano sewerani, koma mu emulator (pulogalamu yotsanzira makina a gemu pa kompyuta) komanso pa kope ya fayiloyo, yoyambayo musaisinthe ngakhale byte imodzi. Ikakana kuyaka musafulumire kunena kuti dump yaonongeka, ma prototype ena checksum yawo, nambala yotsimikizira kuti data ili bwino, imakhala yolakwika kuyambira pachiyambi, yesani emulator ina. Mafayilo, zithunzi ndi kalata yofotokoza komwe chinachokera ikani malo atatu osiyana, ndipo ngati munachita kubwereka kwa mwini wake mufunseni kaye musanaike pa intaneti.