Madzi Akutha M'rediyeta ya Lole: Tsimikizani Kaye Musanamasule Hedi

Madzi a mu injini amazungulira motsekeka, ndipo sayenera kuchepa. Lole imene ikufuna kuthiridwa madzi m'mawa uliwonse ili ndi vuto, ngakhale geji ya kutentha isanakwere n'komwe. Koma kuthamangira kunena kuti gasiketi, chotsekera cha pakati pa hedi (chivundikiro cha masilinda) ndi thupi la injini, yapsa kumawonongetsa ndalama, chifukwa mahedi ambiri amamasulidwa pamene cholakwa chinali chitsekero cha rediyeta kapena kilampu ya paipi. Madziwo ali ndi njira zinayi zokha zothawira: kudontha pansi, kukankhidwira kunja kudzera pa chitsekero, kulowa mu oyilo, kapena kulowa m'silinda n'kutuluka ku ekizozi ngati nthunzi. Ntchito yanu ndi kupeza njira imene akudutsa, kuyambira pa zotsika mtengo.

Musatsegule rediyeta injini ikadali yotentha. Madzi ake amathovoka ndi mphamvu ndipo amasupula khungu. Dikirani mpaka paipi ya pamwamba itazizira komanso kufewa.

Imikani lole pamalo athyathyathya, mudzaze madzi injini ili yozizira, mulembe mzere pa kabotolo kosungira madzi, n'kulembanso makilomita. Usiku yalani katoni pansi pa injini. Mawa lake mudzaona pamene padonthera, ndipo pakatha masiku awiri kapena atatu mudzadziwa malita amene akutha pa mtunda wakutiwakuti.

Kenaka onani chitsekero. Pamwamba pake pamalembedwa mphamvu imene chimagwira, ndipo pa malole ang'onoang'ono a ku Japan monga Dyna, Canter ndi Elf kawirikawiri ndi 0.9 kapena 1.1 bar. Mphamvu imeneyi ndi imene imachititsa kuti madzi asawire pa madigiri 100 koma afike pafupi ndi 120. Labala wa chitsekero akang'aluka kapena sipuling'i ikafooka, lole imayenda bwino pa chigwa, koma ikasenza katundu n'kuyamba kukwera mapiri ochokera ku Chikwawa kupita ku Blantyre, madzi amawira n'kutayikira m'kabotolo mpaka kusefukira. Ikani chitsekero chatsopano cha nambala yomweyo musanaganize zina.

Dontho laling'ono pa injini yotentha limauma lisanafike pansi, choncho muzifufuza zipsera, osati chinyezi chokha. Coolant, mankhwala othira m'madzi a injini, akauma amasiya mkwasa woyera, wobiriwira kapena wofiirira ngati mchere. Unikani ndi tochi m'mphepete mwa matanki a rediyeta, pamene pulasitiki imakumana ndi aluminiyamu, kunsi kwa makilampu, ndi pa tizitsekero tachitsulo ta m'mbali mwa buloko (thupi la injini), timene timadyeka ndi dzimbiri kuchokera m'kati. Pampu ya madzi ili ndi kabowo kakang'ono kunsi kwake: pakaoneka mkwasa pamenepo, silo, chotsekera madzi cha m'pampumo, yatha. Kapeti ya m'kabini ikanyowa, kapena galasi la kutsogolo likamachita nkhungu yonunkhira motsekemera, ikudontha ndi hita, chotenthetsera m'kabini.

Ngati maso sakupeza kanthu, gwiritsani ntchito pampu yoyesera rediyeta. Imangeni pamalo pa chitsekero injini ili yozizira, mupope mpaka nambala ya pa chitsekero, osapitirira, chifukwa mungang'ambe rediyeta yokalamba. Dikirani mphindi 15 mpaka 30. Singano ya geji ya pampuyo ikatsika ndipo dontho laoneka, nkhani yatha. Ikatsika koma kunja konse n'kouma, madzi akulowa m'kati mwa injini.

Apa ndiye tiyambe kukayikira gasiketi. Pa injini ya dizilo, gasiketi nthawi zambiri imayamba kuphulika pakati pa silinda ndi njira ya madzi, ndipo chimene chimachitika poyamba si madzi kulowa mu oyilo ayi, koma mpweya wa m'silinda kulowa m'madzi. N'chifukwa chake oyilo woyera bwino pa dipisitiki (kachitsulo koyezera oyilo) sakutsimikizira kuti gasiketi ili bwino. Yesani motere: m'mawa, injini itagona usiku wonse, tsegulani chitsekero kuti mpweya wotsalira utuluke, mutsekenso, mulize injini n'kugwira paipi ya pamwamba. Ikalimba ngati tayala pasanathe mphindi ziwiri, madzi adakali ozizira, mphamvuyo siikuchokera ku kutentha. Ikuchokera m'silinda. Mukhozanso kusiya chitsekero chotsegula, madzi ali odzaza mpaka pakhosi, wina n'kuponda mafuta pang'ono. Thovu lowerengeka limene limatha pakapita kanthawi ndi mpweya wotsekeredwa pothira madzi. Thovu losalekeza, lochuluka mukaponda mafuta, ndi chizindikiro choipa.

Umboni wodalirika umachokera ku kachipangizo koyesera utsi m'madzi, kamene amakaniko amati block tester. Chepetsani madzi m'rediyeta ndi masentimita asanu kapena kuposerapo kuti asayamwidwe m'kachipangizomo, chifukwa akalowa amawononga mankhwala n'kupereka yankho labodza. Injini itenthe mpaka themositati (kavaluvu kotsegulira madzi njira yopita m'rediyeta) itatseguka, kenaka kokani mpweya wa m'rediyeta kudutsa m'mankhwala abuluu kwa mphindi ziwiri. Pa petulo amasanduka achikasu. Pa dizilo kawirikawiri amangofika pobiriwira, ndipo ambiri amanyengeka poyembekezera chikasu. Dziwaninso kuti gasiketi ina imatsegula pokhapokha lole ikamakoka katundu turbo (chopopera mpweya mu injini) ikupopa, ndiye ngati mankhwala sanasinthe koma madzi akukankhidwirabe kunja pa chitunda, bwerezani kuyesa mutangochoka pamsewu, injini itazizira mokwanira moti chitsekero n'kutseguka bwinobwino.

Utsi woyera wa m'mawa kukuzizira si umboni. Wa madzi umapitirira ngakhale injini itatentha, umanunkhira motsekemera ngati munathira coolant, ndipo umabalalika msanga. Wa dizilo wosapsa bwino umayabwa m'maso. Chimodzimodzinso zoyera ngati chambiko kunsi kwa chitsekero cha oyilo: pa galimoto yoyenda maulendo aafupi zikhoza kukhala chinyezi chabe. Kuti mutsimikize, lole igone usiku, mumasule pang'ono bauti yokhuthulira oyilo. Madzi ndi olemera kuposa oyilo, choncho ngati alimo ndi amene ayambe kudontha.

Pali zida zina zimene zimanamizira gasiketi, ndipo n'zofunika kuzichotsa pa mndandanda. Oil cooler (choziziritsira oyilo) ikabooka, oyilo amalowa m'rediyeta, chifukwa injini ikamalira mphamvu ya oyilo imaposa ya madzi. EGR cooler (choziziritsira utsi wobwezeredwa mu injini) ya injini zatsopano ikang'aluka, madzi amatha popanda dontho, utsi woyera umatuluka, ndipo ngakhale block tester ikhoza kusintha mtundu. Pa malole akuluakulu a mabuleki a mpweya, kompulesa imaziziritsidwa ndi madzi omwewo, ndipo hedi yake ikalephera imapopera thovu m'rediyeta. Injini za masilivu (mapaipi oyendamo mapisitoni) okhudzana ndi madzi zikhoza kudontheza madzi m'sampu (mosungira oyilo kunsi kwa injini) kudzera pa malabala a kunsi kwa silivu, kapena pa timabowo todyeka m'silivumo.

Kuti mudziwe silinda yolakwa, chotsani ma glow plug (zotenthetsera masilinda poliza injini) kapena ma injekita (zopemerera dizilo m'silinda), musiye pampu yoyesera itapopa usiku wonse, m'mawa muzunguze injini ndi dzanja muone bowo limene litulutse madzi. Njira ina ndi kulowetsa mpweya wa kompulesa m'silinda imodzimodzi, pisitoni ili pamwamba mavaluvu ali otseka, wina akuyang'ana thovu pakhosi pa rediyeta. Masilinda awiri oyandikana akakhala ndi kompuresheni (mphamvu yopanikiza mpweya) yotsika, gasiketi yaduka pakati pawo. Ngati sitata ikumakakamira m'mawa ngati batire lafooka, lekani kuliza, ndipo musakankhe lole kuti ilire. Madzi sapanikizika, ndipo akadzaza pamwamba pa pisitoni amapinda konirodi, mkono wa pisitoni.

Mukamasula hedi, yambani ndi mabauti a kumapeto kulowera pakati, pang'onopang'ono, injini ili yozizira. Pisitoni yoyera mbuu pakati pa zinzake zakuda ndi imene imatsukidwa ndi nthunzi. Yezani hedi ndi buloko yomwe ndi chitsulo chowongoka komanso feeler gauge (tizitsulo topyapyala toyezera mpata), m'litali, m'lifupi ndi mopingasa. Malire ake amasiyana malinga ndi injini, kawirikawiri pakati pa 0.05 ndi 0.2 mm, choncho tsatani buku la injini yanu. Tumizani hedi ikayesedwe ngati ili ndi ming'alu musanaipalitse, makamaka pa injini ngati Toyota 1KZ-TE imene hedi yake ya aluminiyamu imadziwika ndi kung'aluka ikatenthedwa. Kupala hedi yong'aluka n'kutaya ndalama kawiri.

Pa dizilo zambiri gasiketi imabwera m'makulidwe osiyana, osonyezedwa ndi timabowo, timizere kapena chilembo m'mphepete, ndipo yoyenera imasankhidwa poyeza mmene pisitoni yatulukira pamwamba pa buloko. Pukutani mabowo a mabauti asatsale madzi kapena oyilo, apo ayi bauti imalimba isanafinye gasiketi, mwinanso kung'amba buloko. Mabauti omangidwa powerenga madigiri a kuzungulira kwake amatamuka, ndiye ayezeni kapena mugule atsopano. Mangani kuchokera pakati kupita kunja, m'magawo amene buku lanena, ndi torque wrench (sipanala yoyeza kulimba kwa bauti), osati ndi paipi yowonjezera pa sipanala.

Gasiketi siipsa yokha, china chake chinaitenthetsa. Yesani themositati m'poto wa madzi otentha, ambiri amatseguka cha pa madigiri 82, ndipo musaichotseretu monga amachitira ena, chifukwa pa injini zambiri ndi imene imatseka njira yachidule yobwezera madzi mu injini osadutsa m'rediyeta. Onani lamba ndi kilatchi ya fani, mutsukitse rediyeta ngati yatsekeka ndi matope kunja kapena miyala ya madzi a pa mjigo m'kati. Sinthani oyilo ndi fyuluta, muthire coolant wosakaniza theka ndi theka ndi madzi otchezedwa (distilled water) ngati ndi wosasakaniza kale, mutsegule hita kuti mpweya utuluke, n'kulembanso mzere uja pa kabotolo kuti muuyang'ane m'mawa uliwonse sabata yoyamba.