Momwe sitima ya anthu ingabwezeretsedwere ku Chigwa cha Shire

Njanji yochokera ku Limbe kudutsa Luchenza, Makhanga, Bangula ndi Nsanje mpaka ku Marka, kumalire ndi Mozambique, inaduka mu 1997 madzi atakokolola mtunda wa njanji pafupi ndi Chiromo. Kuchokera apo sitima inkathera pa Makhanga, ndipo madzi osefukira a 2015 anawononganso gawo limenelo. Anthu akamakamba zobwezeretsa sitimayi amathamangira kugula mabogi, koma mabogi ndi omaliza. Ntchito imayenda motere.

Yambani ndi kuyenda pansi. Mainjiniya ayende njanji yonse, kilomita ndi kilomita, akulemba mlatho uliwonse, kalavati iliyonse, pamene dothi linakokoloka ndi pamene zitsulo zinabedwa. Kuyendera kumodzi kuchitike m'dzinja, chifukwa m'chilimwe simungaone njira imene madzi amadutsa. Afunseninso anthu okhala m'mbali mwa njanji kuti madzi a namondwe Freddy mu 2023 anafika pati. Iwo amaloza pamtengo kapena pakhoma.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani, konzani za madzi musanagoneke chitsulo n'chimodzi chomwe. Pa Chiromo mtsinje wa Ruo umathira mu Shire. Ruo akadzaza amatchinga Shire, madzi n'kubwerera m'dambo la Elephant Marsh, ndipo mtunda wa njanji umasanduka ngati damu. Madzi akasowa potulukira amaboola pamene pafooka. Kungounjika dothi pamalo pomwe panaduka ndi kutaya ndalama. Pamafunika milatho yotalika, makalavati ambiri ndiponso aakulu, komanso miyala yomangidwa m'mawaya kumbali imene madzi amagunda. Ngalande zizichotsedwa mchenga chaka chilichonse mvula isanayambe, poti kalavati yotsekeka ili ngati palibe.

Kenako njanji yeniyeniyo. Mpata wa pakati pa zitsulo ziwiri ndi mamilimita 1,067, chimodzimodzi ndi ku Mozambique ndi ku Zambia, ndipo uyenera kukhala womwewo paliponse. Pa kilomita imodzi pamalowa masilipa, zogonekedwa mopingasa zimene zitsulozo zimakhalapo, pafupifupi 1,500. Akonkire ndi abwino kuno, chifukwa amatabwa amadyedwa ndi chiswe ndipo achitsulo amakopa ogula zitsulo zakale. Pansi pa masilipa pakhale miyala yoswa yokhuthala masentimita 20 mpaka 30, yosongoka osati yobulungira ya mumtsinje, kuti izigwirana. Kumbukirani kutentha kwa ku Nsanje kumene kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala. Chitsulo chikatentha chimafutukuka, choncho chikamangidwa m'mawa kukuzizira popanda kuwerengera zimenezi, masana chimapindika ngati njoka ndipo sitima imagwa.

Nkhani ya malo musaisiyire kumapeto. Njanji ikakhala zaka zambiri osagwira ntchito anthu amalima ndi kumanga m'malire mwake. Khalani pansi ndi mafumu ndi khonsolo ya boma msanga, chipukuta misozi chiperekedwe ntchito isanayambe, ndipo mugwirizane malo owolokera ng'ombe ndi ngolo. Anthu a m'midzi yomweyo akalembedwa ntchito yoyendera njanji, kuba mabawuti kumachepa.

Masiteshoni sachita kufuna zambiri: pokwerera pokwezeka, mthunzi, chimbudzi, madzi ndi pogulitsira matikiti. Chofunika kwambiri ndi njanji yapambali yopatukirapo, popeza njanji yathu ndi imodzi ndipo sitima ziwiri sizingadutsane popanda iyo.

Tsono ndalama. Sitima ya anthu akumudzi siibweza ndalama zake ndi matikiti okha. Imadalira ya katundu, monga mafuta ndi feteleza ochokera ku doko la Beira kudzera pa Marka, kuti njanji izisamalidwa. Boma ndi kampani yoyendetsa sitima alemberane momveka: maulendo angati pa sabata, mtengo wa tikiti, ndalama yomwe boma liziwonjezera, ndiponso sitima iti idikire inzake zikakumana. Izi zikapanda kulembedwa, ya anthu ndiyo imaima maola ambiri pa siteshoni.

Pomaliza yesani. Idutse kaye troli yoyendera, kenako sitima ya katundu moyenda pang'onopang'ono kwa masabata angapo kuti miyala ikhazikike, n'kukonzanso pamene patitimira. Anthu akwere pambuyo pake, gawo ndi gawo, osadikira kuti njanji yonse ithe. Pakhale bogi ya katundu wa amalonda, mbatata, nsomba ndi matumba a mpunga, ndipo masiku a sitima agwirizane ndi masiku a msika a m'njiramo.