Mukafuna kukweretsa agalu olondera, yang'anani izi

M'magulu a WhatsApp ndi pa Facebook kuno ku Lilongwe, ogulitsa tiagalu amatama zinthu zomwezomwezo: mutu waukulu, ubweya wambiri, mapazi onenepa. Palibe amene amakuuzani ngati mayi wa tiagaluto amadzuka usiku munthu akagwira geti. Ine ndimaweta agalu olondera ku Area 49, ndipo aliyense wodzapempha mphongo yanga ndimamuuza kuti tiyambe taona ntchito ndi thanzi la agalu onse awiri, za kukongola tikambe pambuyo.

Choyamba ndi kayendedwe. German Shepherd, amene ambiri timamukonda, anamukhazikitsa Max von Stephanitz ku Germany mu 1899 kuti azikusa nkhosa tsiku lonse osatopa. Ochita mipikisano ya maonekedwe ndi amene pambuyo pake anayamba kukonda msana wotsetsereka ndi miyendo yakumbuyo yopindika kwambiri, ndipo zithunzi za agalu otere n'zimene zatisokoneza. Galu wa pampanda amafunika msana wolimba ndi chiuno chabwino. Pali vuto lotengera kwa makolo loti fupa la ntchafu silikhala bwino m'malo mwake pachiuno, ndipo limapezekanso kwambiri mwa Rottweiler ndi Boerboel. Mutulutseni galuyo pabwalo, wina amuthamangitse, inu muime kumbuyo. Ngati miyendo iwiri yakumbuyo ikudumphira pamodzi ngati ya kalulu, kapena akagona akudzuka mochita kudzikoka, ameneyo musamukweretse ngakhale akhale wokongola chotani. Agalu ena vutoli amalibisa akadali aang'ono, ndiye ngati thumba likulola, a vetenale amujambule X-ray ya chiuno akapitirira chaka.

Kenako mtima wake, ndipo apa m'pamene ambiri amanamizidwa. Ukali si ulonda. Galu amene watsekeredwa m'khola dzuwa lonse amatuluka wolusa, koma nthawi zambiri amakhala mantha chabe, ndipo wamantha ndi amene amaluma mwana wa mnansi kenako n'kuthawa wakuba. Yesani chonchi: munthu amene galuyo samudziwa agogode pageti. Galu wabwino amapita kutsogolo, amauwa ataima nji, ndipo mwini wake akamuletsa amasiya. Gwetsani chidebe chachitsulo pasimenti chapafupi. Kudzidzimuka si vuto, koma abwerere kudzanunkhiza. Amene wakabisala kuseri kwa nyumba mchira uli pakati pa miyendo adzabereka ana ambiri otero. Mayi muyeseni kwambiri kuposa mphongo, chifukwa kuwonjezera pa magazi, tiagalu timaonera iye masabata oyambirira.

Musaiwale kuti tili ku Lilongwe. Ubweya wautali uja umaoneka bwino pachithunzi, koma mu October galu wotero amangokhalira wefuwefu pansi pa mtengo wa mango, ndipo nkhupakupa zimabisala bwino muubweyamo. Matenda ena a nkhupakupa amawazunza kwambiri ma German Shepherd kuposa mitundu yambiri. N'chifukwa chake ine sindinyoza agalu achikuda. Pitani ku Mitundu mukaone agalu a alenje: owonda, miyendo yowongoka, makutu akuthwa, oyenda mtunda wautali. Wachikuda wolimba mtima mukamukweretsa ndi Shepherd wa chiuno chabwino, nthawi zambiri ana ake amagwira ntchito bwino. Mtengo wake pogulitsa umatsika, inde, koma mukamagulitsa muzinena zoona kuti ndi wosakaniza.

Funsani za ubale. Agalu amitundu ya kunja ndi ochepa mumzinda muno, ndipo n'zosavuta kukweretsa galu ndi bambo wake kapena mlongo wake osadziwa, makamaka mphongo imodzi ikatchuka dera lonse. Zilema zobisika zimatulukira pamenepo. Mwini mphongo akamazemba kunena kumene anamutenga, pitani kwina. Mugwireninso mphongoyo muone ngati machende onse awiri anatsika, poti vuto limenelinso limatsata magazi. Onani kumaliseche kwa onse awiri: chotupa chofiira, chonyenyeka, chotuluka magazi ndi matenda opatsirana pokwerana amene afala mwa agalu oyendayenda. Amachizika ndi jakisoni wa a vetenale, koma kukweretsa kudikire.

Wamkazi amafuna mphongo pafupifupi kawiri pachaka. Ulendo woyamba mulekeni, akadali mwana. Ine ndimadikira ayandikire zaka ziwiri, ndipo akabereka ndimamupumitsa ulendo wotsatira. Katemera ndi mankhwala a njoka zam'mimba alandiriretu asanakwere. Bere limatenga masiku pafupifupi 63. Kumapeto kwa bere ndi poyamwitsa, nsima ya gaga yokha siyokwanira, onjezerani bonya, mazira kapena nyama.

Tiagalu tipatseni mankhwala a njoka kuyambira masabata awiri, katemera woyamba wa parvo (matenda oopsa osanzitsa ndi otsegula m'mimba) pa masabata 6 mpaka 8, wa chiwewe pa miyezi itatu. A LSPCA, bungwe losamalira nyama kuno ku Lilongwe, kapena vetenale aliyense wovomerezeka angakuthandizeni pa ndondomekoyi. Tisachoke kwa mayi tisanakwane masabata 8, chifukwa posewera ndi tinzake m'pamene timaphunzira kuluma mosapweteka. Tija amatinyamula m'manja m'mbali mwa msewu timakhala titachotsedwa msanga, ndipo makolo ake simungawaone.

Posankha woti musunge, musathamangire wonenepa kuposa onse. Ombani m'manja muone amene akubwera kudzafufuza, mumunyamule muone ngati akukhazikika. Lembani manambala a foni a onse ogula, ndipo pakatha chaka muwaimbire mufunse ngati agalu aja akuyenda bwino komanso akulondera. Awiri kapena atatu akamatsimphina, makolo amenewo musawakweretsenso.