Momwe mungasankhire matayala a nyengo yozizira okhalitsa a pikiapu yaikulu ku Canada

Ena mwa abale athu okhala ku Alberta, Manitoba ndi kumpoto kwa Ontario amapezera chakudya pa mapikiapu akuluakulu monga Ford F-250 ndi F-350, Ram 2500 kapena Chevrolet Silverado 2500HD. Wina amakoka nayo ngolo ya zipangizo zomangira, wina amakankha nayo chipale chofewa m'malo oimika galimoto. Okutobala akangofika, onse amafunsa zofanana: ndigule matayala ati oti ndiyendere zaka zingapo? Funsoli n'lomveka, pakuti matayala anayi a galimoto yotereyi amadya ndalama zoposa madola 1,000 a ku Canada. Pempho langa n'lakuti musayambire pa dzina la kampani. Yambirani pa katundu amene galimoto yanu imasenza, chifukwa tayala lolemedwa limatha msanga, ngakhale litakhala lodula chotani.

Choyamba, tsegulani chitseko cha dalaivala

Pa chitsulo chimene chitseko chimatsekerapo pali kapepala komata. Pamenepo palembedwa saizi ya matayala amene galimotoyo inabwera nawo, mpweya woyenera kutsogolo ndi kumbuyo, komanso kulemera kumene ekiselo iliyonse ingasenze. Jambulani kapepalako pa foni, mupite nako kogula matayala.

Chachiwiri, werengani zolemba za m'mbali mwa tayala

Tiyerekeze kuti palembedwa LT275/70R18 125/122. Zilembo za LT zikusonyeza kuti tayalalo analipangira galimoto zonyamula katundu, ndipo m'mbali mwake ndi molimba kuposa tayala la galimoto yoyendera banja. Nambala ya 125 ikutanthauza kuti tayala limodzi lingasenze makilogalamu 1,650 likapopedwa mokwanira. Ya 122 ndi ya galimoto za matayala awiriawiri kumbuyo, ndipo pamenepo lililonse limasenza makilogalamu 1,500. Mudzaonanso mawu akuti Load Range E. Awa ndi matayala opirira mpweya mpaka 80 psi (psi ndi muyeso wa mpweya wa m'tayala), ndipo ndi amene mapikiapu ambiri a gulu ili amavala.

Wogulitsa akakuonetsani tayala la saizi yomweyo koma lopanda LT, kapena la nambala yotsika kuposa ya pachitseko, likaneni, ngakhale mtengo wake utakoma. Lidzakwana pa limu bwinobwino, koma mukadzakweza simenti n'kukoka ngolo lidzatentha, lidzadyeka m'mphepete, ndipo likhoza kuphulika muli pa liwiro.

Chachitatu, funani chizindikiro cha phiri

Tayala lenileni la nyengo yozizira limakhala ndi kachithunzi ka phiri la nsonga zitatu, m'kati mwake muli kachipale. Chizindikirochi chinayamba mu 1999, ndipo chimaikidwa pa tayala limene layesedwa pa chipale chotsendereka n'kupambana. Zilembo za M+S (zoimira matope ndi chipale) zokha sizikwanira, chifukwa zimangonena za kapangidwe ka mapanga, kutanthauza mizere yokumbika pa tayala. Nkhani yaikulu ili pa labala. Kunja kukazizira kutsika pansi pa madigiri 7, labala wa matayala wamba amayamba kuuma gwa, pamene wa matayala a nyengo yozizira amakhalabe wofewa n'kumagwira msewu.

Chachinayi, ganizirani msewu umene mumayendamo tsiku ndi tsiku

Apa mpamene pagona nkhani, ndipo mpofunika kudekha. Kufewa kumene kumathandiza tayala kugwira pa ayezi ndi komwenso kumalithetsa msanga. Palibe tayala logwira koposa onse limene lilinso lokhalitsa koposa onse. Choncho mukusankha pakati pa magulu awiri.

Gulu loyamba ndi matayala opangidwira nyengo yozizira yokha. Odziwika pa mapikiapu aakulu ndi Bridgestone Blizzak LT, Firestone Winterforce LT, General Grabber Arctic LT, Toyo Open Country WLT1 ndi Nokian Hakkapeliitta LT3. Kampani ya Nokian ndi ya ku Finland, ndipo tayala lake loyamba la nyengo yozizira, la mu 1934, inapangira malole. Mukaliyang'anitsitsa tayala la gulu ili mudzaona timing'alu tambirimbiri pa dzino lililonse la mapanga. Kanikizani ndi chala, mudzaona timing'aluto tikutseguka. Ndi timeneto timaluma ayezi. Pa galimoto yolemera funani tayala la mano akuluakulu osagwedera kwambiri mukawakankha, pakuti mano ofewetsa amapindika pansi pa katundu, amadyeka mopendekeka, ndipo chiwongolero chimamveka ngati chikusambira.

Gulu lachiwiri ndi matayala oyenda paliponse amene alinso ndi chizindikiro cha phiri, monga BFGoodrich All-Terrain T/A KO2, Goodyear Wrangler DuraTrac ndi Falken Wildpeak A/T3W. Awa labala wake ndi wolimbirapo, amapirira miyala ya m'misewu ya kumalo a ntchito, ndipo mungayendere chaka chonse. M'chipale chakuya amachita bwino. Pa ayezi woterera, makamaka pomanga mabuleki, amachepekedwa poyerekeza ndi a gulu loyamba, chifukwa mayeso a chizindikiro cha phiri amaona kanyamukidwe pa chipale, osati kaimidwe pa ayezi.

Maganizo anga ndi awa. Ngati mumayenda mu Highway 63 kupita ku Fort McMurray ku Alberta m'bandakucha, kapena mumadutsa mapiri a Coquihalla ku British Columbia mukukoka ngolo, gulani a gulu loyamba, ndipo musanyengerere. Galimoto ya matani atatu kapena anayi ikayamba kutsetsereka siimvera munthu, ndipo magiya oyendetsa mawilo onse anayi amangokuthandizani kunyamuka, sakuthandizani kuima. Koma ngati ntchito yanu ili mumzinda wa Calgary, kumene mphepo yofunda ya chinook imasungunula chipale pakati pa Januwale n'kusiya phula louma, kapena mumayenda kwambiri m'misewu ya miyala, gulu lachiwiri lingakukhalireni nthawi yaitali.

Musavutike kufunafuna nambala yosonyeza kukhalitsa imene imalembedwa pa matayala a galimoto zing'onozing'ono. Pa matayala a LT ndi a nyengo yozizira nthawi zambiri sipakhala. M'malo mwake funsani kuya kwa mapanga tayalalo lili latsopano, ndipo funsaninso anzanu oyendetsa galimoto yolemera ngati yanu m'dera lomwelo.

Chachisanu, timisomali ndi malamulo a dera lanu

Matayala ena amakhala ndi timisomali tachitsulo, ena amabwera ndi timabowo toti amakaniko aikemo tayala lisanayende. Pa ayezi timathandiza zedi, koma timasokosa pa phula, ndipo malamulo ake ndi osiyanasiyana. Ku Alberta saletsa. Ku Ontario amaloleza okhala kumpoto kwa chigawocho basi. Ku Quebec amaloleza kuyambira pa 15 Okutobala mpaka pa 1 Meyi, koma osati pa galimoto za ntchito zolemera kuposa makilogalamu 3,000. Mukaika timisomali, yendani mofatsa makilomita 500 oyambirira kuti tikhazikike, apo ayi tidzayamba kuthothoka.

Ku Quebec matayala a nyengo yozizira ndi lamulo kuyambira pa 1 Disembala mpaka pa 15 Malichi, ngakhale galimoto zolembedwa kuti n'zolemera, zoyambira makilogalamu 4,500, zili ndi malamulo akeake. Ku British Columbia misewu yambiri ya m'mapiri imafuna matayalawa kuyambira pa 1 Okutobala mpaka pa 30 Epulo, mapanga ake osachepera mamilimita 3.5. Ku Ontario, kuyambira mu 2016, makampani a inshulansi amayenera kutsitsako mtengo kwa amene waika matayala a nyengo yozizira, ndiye aimbireni muwauze.

Chachisanu ndi chimodzi, onani zaka ndi mapanga musanalipire

M'mbali mwa tayala, pa mzere umene umayamba ndi zilembo za DOT, manambala anayi omalizira ndi sabata ndi chaka chimene tayala linapangidwa. Pakalembedwa 3524, ndiye kuti ndi sabata ya 35 ya chaka cha 2024. Izi n'zofunika kwambiri mukamagula matayala ogwirapo kale ntchito pa intaneti, monga pa Kijiji kapena pa Facebook. Labala wokalamba amauma ngakhale mapanga akuoneka bwino. Tengani kachipangizo koyezera kuya kwa mapanga, ndi kotsika mtengo. Nthambi ya boma yoona za mtengatenga, Transport Canada, imalangiza kuti tayala limene latsala ndi mamilimita 4 lisayendenso pa chipale, choncho lotsala ndi mamilimita 6 kapena 7 lingakugwirireni nyengo imodzi yokha.

Chachisanu ndi chiwiri, gulani onse pamodzi

Anayi, kapena asanu ndi limodzi ngati kumbuyo ndi awiriawiri. Kuika awiri okha kumachititsa galimoto kuzungulira pa kona. Ngati m'thumba mukulola, agulireni malimu akeake achitsulo, kuti asamavulidwe ndi kuvekedwa kawiri pachaka. Limu yaing'onoko, monga ya mainchesi 17 m'malo mwa 20, imatsitsa mtengo wa tayala, bola amakaniko atsimikize kuti siikukhula mabuleki. Mukayenda makilomita 100, bwererani akamangitsenso manati.

Tsopano asamalireni

Mpweya umatsika pafupifupi 1 psi kunja kukazizira ndi madigiri 5 kapena 6, ndipo pa tayala lopopedwa kwambiri umatsika koposa pamenepo. Amene anapopera m'galaja yofunda n'kutulutsa galimoto kunja kwa madigiri 25 pansi pa ziro amakhala akuyendera tayala lofwefwera osadziwa. Yezani m'mawa musanayende, kamodzi pamwezi komanso kukangozizira mwadzidzidzi, ndipo tsatirani manambala a pachitseko aja.

Sinthanitsani akutsogolo ndi akumbuyo pa makilomita 8,000 mpaka 10,000 aliwonse, chifukwa injini ya dizilo imalemetsa kutsogolo pamene mphamvu yake imapala akumbuyo. Ponyamuka musaponde mafuta mpaka mawilo kuzungulira pamalo amodzi. Kumbuyo kukakhala kopanda katundu, ikani matumba a mchenga pamwamba pa ekiselo n'kuwamanga bwino.

Kunja kukayamba kumafunda kupitirira madigiri 7 masiku otsatizana, achotseni msanga, pakuti phula lotentha la Meyi ndi Juni limadya labala wofewa mofulumira kuposa miyezi yozizira. Atsukeni kuchotsa mchere wa mumsewu, lembani ndi choko malo amene lililonse linali, muwaike m'matumba, n'kuwasunga pamalo ozizira, a mdima, kutali ndi ng'anjo yotenthetsera nyumba.